Hyundai Kona yamagetsi m'chisanu cha ku Edmonton: galimoto ndi yabwino, koma yambani mwaona za soketi

Abale amene angofika kumene kuno ku Alberta, chigawo cha dziko la Canada, akangoona kuti galimoto yanga ilibe paipi ya utsi funso lawo limakhala limodzi basi, amvekere kodi imeneyi January akafika imalira? Eya imalira, ndipo imadzuka msanga kuposa za petulo zambiri zimene ndimaziona zikujampitsidwa m'mapaking'i m'mawa. Koma musathamangire kukagula chifukwa cha yankho limeneli, pali zina zofunika muzimve kaye makamaka inu amene mukukhala m'mafulati.

Yanga ndi Kona Electric ya mtundu woyamba uja, ya batire ya 64 kWh, imakoka ndi matayala akutsogolo okha, ndipo papepala analemba kuti ikadzadza imayenda makilomita 415. M'chilimwe nambala imeneyi ndi yoona, mutauni imatha kupitirira ndithu. Kukayamba kuzizira ndiye nkhani imasintha. Madigiri akakhala cha m'ma 5 kapena 10 kunsi kwa ziro mtunda umatsika koma osati modetsa nkhawa, koma zikafika ku 30 kunsi kwa ziro, hita ili fulu, uli pa msewu waukulu ukuthamanga, uziwerengera kuti watsala ndi mtunda wongoposa theka pang'ono. Si Kona yokha ayi. A CAA, bungwe la oyendetsa magalimoto kuno ku Canada, anayesa magalimoto amagetsi osiyanasiyana mu February 2025 kuchoka ku Ottawa kupita ku Mont-Tremblant kukuzizira pakati pa 7 ndi 15 kunsi kwa ziro, ndipo anapeza kuti onse anataya mtunda, ena 14 pa 100 ena mpaka 39 pa 100. Ndiye kumeneko kunali kuzizira kwabwinobwino, kuno kumaposa pamenepo.

Anthu ambiri amaganiza kuti chisanu chimadya moto wa mu batire galimoto ili chiimire. Ayi, ukaisiya usiku ili pa 70 peresenti mawa umaipeza pafupifupi pomwepo. Chimene chimadya kwambiri ndi kutenthetsa mkati. Injini ya petulo imataya mphamvu yambiri ngati kutentha, ndiye hita yake imangotenga kutentha kotayika kuja, ndi zaulere. Yamagetsi ilibe kutentha kotaya kochuluka, mota yake siitentha kwenikweni, ndiye mpweya uliwonse wofunda umene ukukuwomba kumaso ukuchokera mu batire yomweyo imene ikuyendetsa matayala. Onjezani kuti mpweya wozizira ndi wolemera kuuboola, matayala a m'chisanu amagwira msewu kwambiri, sinowo amakoka, zonsezi zimadya.

Apa mpamene Kona ya ku Canada ndimaiyamikira. Inabwera ndi heat pump, makina ogwira ntchito ngati fuliji yotembenuza, amatola kutentha panja ndi pa mota nkumakukankhira mkati, ndipo amadya moto wochepa kuyerekeza ndi hita wamba. Kuzizira kwa October, November, March, imathandiza kwambiri. Koma kukazizira zenizeni panja pamakhala palibe chotola, ndiye hita wamba imalowapo ndipo umaona wekha pa sikirini mmene nambala ikukwerera. Chimene chimandipulumutsa ndi mpando wotenthetsa ndi chiwongolero chotenthetsa, zimenezi zimadya moto wochepa zedi koma thupi limafunda, ndiye hita umaitsitsako. Pali batani lolembedwa Driver Only, ukakhala wekha umalidina mpweya umabwera mbali yako yokha. Kabatani kakang'ono koma ndimakakonda.

Chinthu chimene ndimafuna aliyense achimvetse ndi ichi. Ukakhala ndi potchajira pakhomo, chisanu umachigonjetsa usanatuluke m'nyumba. M'mawa ndikumwa tiyi ndimatsegula apu pafoni nkuiuza galimoto iyambe kufunda chingwe chikadali cholumikiza kukhoma, ndiye ntchito yolemetsa ija yochotsa mkati pa 30 kunsi kwa ziro kufika pofunda imalipiridwa ndi magetsi a m'nyumba, batire osaikhudza kwenikweni. Ndikamatuluka ayezi wa pagalasi wasungunuka, madzi akuyenderera pa waipa, mpando wafunda, ndimangozula chingwe nkuchikoleka pakhoma basi ulendo. Aneba anga nthawi imeneyo ali panja ndi chokhulira galasi, chipewa mpaka m'makutu, injini ikulira utsi uli tolotolo. Ndipo poti yamagetsi ilibe utsi ukhoza kuifunditsa mu galaja yotseka osaopa mpweya woipa uja umapha anthu. Kwa amene ali ndi ana aang'ono oti apite nawo ku daycare kukadali mdima izi si zazing'ono.

Koma zonsezi zimayenda ngati uli ndi chaja cha 240V, chija amati Level 2. Kona imalandira mpaka 7.2 kW pamenepo, kutanthauza kuti ngakhale utafika batire ili pansi, maola 9 kapena 10 yadzadza, usiku umodzi. Tsono vuto lili kwa abale a m'mafulati. Kuno mapaking'i ambiri ali ndi timasoketi pamtengo uliwonse, ndipo mukaona magalimoto a petulo akulendewera kapulagi kumaso ndi ka block heater kofunditsa injini kuti mawa ilire. Munthu amaona soketi ija nkumati basi ndapeza potchajira. Soketi imeneyo ndi ya 120V, imakupatsa cha m'ma 1.4 kW, werengani nokha, 64 kugawa ndi 1.4 ndi maola opitirira 45. M'chilimwe ngati ulendo wako ndi wa kuntchito pafupi zimatheka bwinobwino. M'chisanu chenicheni kamoto kochepako gawo lina limathera kufunditsa batire, ndiye umadzuka nkupeza yangokwera pang'ono. Komanso m'mapaking'i ena soketi zimenezi anaziika kuti ziziyaka ndi kuzima zokha pofuna kusunga magetsi, ndipo eni nyumba ena salola nkomwe kutchajirapo galimoto. Chonde funsani kaye malandilodi anu musanasaine ngongole ya galimoto, ndikunena izi chifukwa ndaona anthu akuvutika nazo.

Ndiye kutchaja kwachangu pa msewu. Kona iyi ngakhale kukutentha siithamanga potchaja, imafika cha m'ma 75 kW basi, magalimoto atsopano amaposa pamenepo kawiri katatu. Batire ikazizira imatsikanso kwambiri, ndipo munthu ukhoza kukwiya kuganiza kuti chaja chafa pomwe ndi galimoto yomwe ikukana dala. Mkati mwa batire muli timadzi timene lithium amadutsamo, tikazizira timalemera ngati mafuta ophikira m'botolo mu June, ndiye ukakankha moto wambiri lithium uja amalephera kulowa m'malo mwake nkumamatirira pamwamba ngati chitsulo, ndipo zimenezo zimawononga batire mpaka kalekale. Kompyuta ya galimoto imadziwa, imachepetsa moto mpaka batire itafunda. Ineyo ndimaona kuti ikuchita bwino kutero, bola kudikira kusiyana ndi kugula batire ina. Muli Winter Mode mu setting, imayatsa chofunditsa batire, ndimaisiya yoyatsa nyengo yonse yozizira. Nzeru ina ndi yoti uzitchaja ukangofika kumene batire ikadali yofunda ndi ulendo, osati m'mawa itagona panja usiku wonse.

Ulendo wa Edmonton kupita Calgary ndi pafupifupi makilomita 300 pa Highway 2, liwiro lololedwa ndi 110. M'chilimwe umatha kufika osaima ngati ukuyenda mofatsa. Mu January musayese, muime pa Red Deer pakatikati paja mutchaje, ndipo muwerengere kuti mukhalapo nthawi yotalikirapo. Pamenepo mpamene chisanu umachimva m'manja. Chingwe cha chaja chachangu ndi chonenepa kale, chikazizira chimauma gwa, umachikoka ndi manja awiri, kenako uvule golovesi kuti udine pafoni, zala zimayamba kuwawa usanamalize nkomwe. Ndinafikapo pamalo ena nkupeza mitu ina ya chaja siikugwira ntchito, anthu ali pamzere aliyense ali m'galimoto mwake hita ili yoyatsa akuyang'ana peresenti ikutsika. Kuyambira pamenepo sindifika pa chaja ndili pansi pa 20, ndipo ndimadziwiratu china chapafupi. Ku Chicago mu January 2024 zinatuluka pa nkhani, anthu a Tesla atatsakamira pa machaja awo achangu otchedwa Supercharger, ambiri anali oyendetsa amene alibe potchajira kunyumba ofika batire ili yozizira komanso yotsala pang'ono kutha. Nkhani ndi yomweyo ya soketi.

Sabata imeneyo kunonso kunali koopsa. Pa 12 January 2024 ku bwalo la ndege la Edmonton kunazizira kupitirira 45 kunsi kwa ziro, ndipo mawa lake madzulo mafoni athu onse analira ndi uthenga wa boma wopempha anthu azimitse magetsi osafunika, asiye kaye kutchaja magalimoto ndi kulumikiza ma block heater chifukwa magetsi a chigawo chonse anali pafupi kuperewera. Anthu anamvera ndipo magetsi sanazime. Kona inayenda masiku amenewo, inkayaka ndikangodina batani, chiwongolero chinkalemerako mphindi zoyamba, mipando yolimba, sikirini yochedwa pang'ono, koma inayenda. Chimene ndinatolapo ndi choti m'chisanu ndizitchaja usiku uliwonse osadikira kuti itsike, ndipo ndinaika nthawi yoti iziyamba pakati pausiku anthu atagona.

Pa kayendedwe pa sinowo ndilibe dandaulo lalikulu. Batire ili pansi ndipo ndi yolemera, galimoto imakhala yokhazikika. Koma mota yake ndi yamphamvu ndipo mphamvu imabwera yonse nthawi imodzi, ndiye pa maloboti pamene pali ayezi ukaponda kwambiri matayala amangozungulira pamodzimodzi. Ndimaiika pa Eco phazi nkukhala lofewa. Matayala a m'chisanu kuno ku Alberta si lamulo ngati ku Quebec koma gulani, musanyengedwe ndi a all season aja amati ndi a nyengo zonse, moyo wanu ndi wofunika kuposa ndalama imeneyo. China ndi regen, kuja galimoto imadzigwira yokha ukachotsa phazi nkumabweza moto ku batire. Pa msewu woterera muitsitse ndi timapadulo ta kuseri kwa chiwongolero, pa 1 kapena 0, chifukwa ikagwira mwamphamvu pa ayezi kutsogolo kumatha kutsetsereka. Batire ikazizira kwambiri regen imachepanso yokha mpaka itafunda, ndiye mabuleki muziwaponda nokha osadalira.

Chitseko chotchajira cha Kona chili kumaso kwenikweni, ndi zabwino poimika chifukwa umangolunjika chaja, koma ndi pomwenso sinowo ndi matope a mchere zimamenya ukamayenda, ndiye ndimayenda ndi kaburashi kofewa kopukutira ndisanatsegule. Musathirepo madzi otentha. Musaiwalenso kuti galimoto yamagetsi ili ndi kabatire kakang'ono ka 12V ngati ina iliyonse, kakafooka galimoto siiyaka ngakhale batire yaikulu ili fulu, ndiye kakakalamba musinthe chisanu chisanafike.

Amayi ena a kutchalitchi anandifunsa kuti nanga mutatsakamira mumsewu sinowo atatseka, simufa ndi chisanu mwana wanga? Ndinawawerengera pomwepo. Hita ikamadya 2 kW kusunga kutentha, theka la batire ndi 32 kWh, amenewo ndi maola 16 muli ofunda, opanda mantha oti paipi ya utsi yakwiririka. Anamasuka ndithu. Komabe bulangete, jekete lina ndi kafosholo sizichoka ku buti.

Za ndalama, magetsi a pakhomo amanditsikira mtengo kuposa petulo ngakhale m'chisanu pamene ikudya kwambiri, kulibe zosintha oyilo, koma machaja a pamsewu ndi odula, munthu wodalira amenewo okha phindu lake limachepa kwambiri. Boma la Alberta linaikanso msonkho wa madola 200 pachaka pa magalimoto amagetsi kuyambira 2025, muuwerengere. Amene amati magalimotowa ndi a mayiko otentha okha ndimawauza za Norway, dziko lozizira, kumene mu 2024 pafupifupi 89 pa magalimoto 100 alionse atsopano ogulitsidwa anali amagetsi okhaokha. Kusiyana kwake nkoti kumeneko potchajira ndi pambiri.

Ngati muli ndi galaja kapena khoma lanu loti mungaikepo 240V ndipo maulendo anu ambiri ndi a kuntchito, kusukulu, kutchalitchi, Kona iyi ndikupatsani ndi mtima wonse. Ngati mumagwira ntchito kutali monga ku Fort McMurray nkumayenda msewu umenewo pafupipafupi m'chisanu, dikirani kaye kapena onani hybrid, yoyendera petulo ndi magetsi omwe. Pogula yakale funsani ngati inagulitsidwa kuno ku Canada poyamba, chifukwa zochokera ku America zambiri zilibe heat pump, ndipo ya 2019 kapena 2020 muonetsetse pamapepala kuti recall ya mu 2021, pamene a Hyundai anaitanitsa magalimotowa kuti akonze vuto la batire, inachitidwa, a dila amatha kukuonerani pogwiritsa nambala ya chasisi ija amati VIN.