Foni, DSLR yakale kapena mirrorless: chimene wojambula wongoyamba kumene mu Lusaka angasankhe

Mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira pa koleji ina kuno ku Lusaka, anabwera kunyumba tsiku lina Lamlungu nkhope ili yakugwa. Dzulo lake anali ku kichini pate ya mnzake ku Chilenje, ndipo pa zithunzi zonse zimene anajambula ndi foni pa nthawi imene mkwatibwi ankalowa m'holo atafunditsidwa chitenje, panalibe ngakhale chimodzi chooneka bwino. Manja a amayi oimba ng'oma anatuluka ngati utsi, alangizi ovina kutsogolo analibe nkhope, ndipo chinthu chokha chimene chinaoneka bwinobwino chinali mpando wa pulasitiki umene unali pakona popanda woukhudza. Anandifunsa kuti, "Amalume, ndasunga kandalama pang'ono. Kodi ndigule foni ina yabwinopo, kapena ndigule kamera ngati yanuyo?" Funso limeneli ndalimva kwa anthu ambiri, ndipo yankho lake limachokera pa zinthu ziwiri: kumene munthu amajambulira kawirikawiri, ndi kuchuluka kwa kuwala kumene kumapezeka kumeneko.

Ndiyambe ndi foni, chifukwa ambiri amene tili ndi makamera timainyoza mopitirira muyeso. Masana, panja, foni ya Tecno, Infinix kapena Samsung ya mtengo wapakati imajambula zithunzi zimene munthu sangachite nazo manyazi. Mu Seputembala ndi Okutobala, pamene mitengo ya jakaranda yachita maluwa m'misewu ya ku Rhodes Park ndi ku Longacres, kapena pamene mwaima pa zosemasema za ku Kabwata Cultural Village m'mawa dzuwa lisanakwere, kusiyana kwa foni ndi kamera yaikulu kumakhala kochepa ngati chithunzicho chikathera pa Facebook. Foni ilinso ndi mwayi wina umene kamera yaikulu ilibe: anthu anaizolowera. Mukatulutsa kamera ya lenzi yaitali ku Soweto Market, amayi ogulitsa tomato amaumitsa nkhope kapena kukana kumene, pomwe ndi foni, mukapempha mwaulemu kuti, "Amayi, ndingakujambuleni ndi katundu wanuyu?" ambiri amavomera n'kupitiriza malonda awo. Kupemphako n'kofunika ndi chida chilichonse chimene mwanyamula.

Foni imagonja m'malo awiri, ndipo onse akuchokera pa kukula kwa sensa, kachipangizo kamene kamalandira kuwala m'malo mwa filimu yakale ija. Sensa ya makamera a DSLR (makamera aakulu osintha malenzi, okhala ndi kalilole mkati) otsika mtengo a Nikon ndi yaikulu pafupifupi mamilimita 23.5 m'litali ndi 15.6 m'lifupi, pamene ya mafoni ambiri a mtengo wapakati ndi yaing'ono kuposa chikhadabo cha chala chakanise, ndipo malo ake amachepa pafupifupi kakhumi kapena kupitirira. Kuwala kukachepa, foni imadzithandiza pojambula zithunzi zingapo motsatizana n'kuziphatikiza kukhala chimodzi. Nzeru imeneyi imagwira ntchito bwino pa nyumba, pa mtengo ndi pa mpando uja wa pakona, koma munthu amene akuvina amakhala atasuntha pakati pa chithunzi choyamba ndi chomaliza, n'chifukwa chake amatuluka ngati utsi. Malo achiwiri ndi pa chinthu chakutali. Ku Lusaka National Park, imene inatsegulidwa mu 2015, mbidzi ndi nyamalikiti sizibwera pafupi ndi galimoto chifukwa choti inu mwafika. Ndipo mukakoka sikirini ndi zala kuti muyandikitse nyama, foni yopanda lenzi yapadera yoonera kutali imangodula chithunzicho n'kuchikulitsa, mizere ya mbidzi n'kusanduka phala.

Pali chinthu chinanso chimene chimandipweteka mtima ndikamaona zithunzi za m'mafoni. Ambiri amabwera atatsegulidwa kale mbali ija yokongoletsa nkhope, imene imasalaza khungu ndi kuliyeretsa, moti agogo a zaka makumi asanu ndi awiri amatuluka opanda khwinya ndiponso oyererapo kuposa mmene alili. Izimitseni mbali imeneyi. Zidzukulu zidzafuna kuona nkhope yeniyeni ya agogo awo.

Tsopano DSLR yogwiritsidwapo kale ntchito, imene ndi njira imene ine ndimaikonda, ngakhale ili ndi misampha yake. Mu 2018 makampani a Canon ndi Nikon anatulutsa mitundu yawo yatsopano ya makamera opanda kalilole mkati, otchedwa mirrorless, ndipo kuyambira pamenepo ojambula ambiri akhala akugulitsa ma DSLR awo kuti asamukire ku zatsopanozo. Zotsatira zake n'zakuti makamera monga Canon EOS 600D ya mu 2011, ya mamegapikiselo 18, kapena Nikon D3200 ya mu 2012, ya mamegapikiselo 24, amapezeka kwa anthu pa mtengo umene wophunzira angauganizire. Ukalamba wawo usakuopseni, chifukwa chithunzi chochokera m'makamera amenewa chikhoza kusindikizidwa chachikulu n'kupachikidwa pakhoma popanda vuto.

Msampha woyamba ndi lenzi. Makamera amenewa amagulitsidwa kawirikawiri ndi lenzi ya 18-55mm, imene bowo lake lolowetsa kuwala limafika pa f/3.5 mukaifupikitsa, ndipo limachepa mpaka f/5.6 mukaitalikitsa. Munthu akalowa nayo m'holo ya mdima amabwerako ndi zithunzi zosasiyana kwenikweni ndi za foni, kenaka amadandaula kuti anataya ndalama. Chimene chimasintha zinthu ndi lenzi yosayenda zumu ya f/1.8: kwa a Canon ndi ya 50mm, kwa a Nikon ndi ya 35mm kapena 50mm. Pa f/1.8 pamalowa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi poyerekeza ndi pa f/5.6, kutanthauza kuti pamalo pamene lenzi yobwera ndi kamera ikanafuna 1/25 ya sekondi, nthawi imene dzanja la woimba ng'oma limakhala litayenda kale, lenzi iyi ikhoza kujambula pa 1/250 n'kuligwira dzanjalo lili m'mwamba. Imachititsanso kuti zakumbuyo kwa munthu zisaoneke bwino, moti mipando, zingwe za masipika ndi mabokosi a zakumwa sizilimbananso ndi nkhope ya mkwatibwi. Pa makamera amenewa lenzi ya 50mm imaona mopanikiza, ndipo m'chipinda chochezera cha nyumba za ku Kabwata kapena ku Libala mudzapeza msana wagunda khoma banja lonse lisanakwane m'chithunzi. Ya 35mm imapereka mpata wokwanira. Ogula Nikon D3200 aonetsetse kuti lenzi yalembedwa AF-S, pakuti kamerayi ilibe injini yakeyake yoyendetsera malenzi akale, ndipo akagula olembedwa AF-D adzayenera kumapotokola ndi dzanja kuti chithunzi chioneke bwino.

Msampha wachiwiri ndinagweramo ndekha. Lenzi yanga yoyamba yogula kwa munthu ndinaitenga madzulo, titakumana pamalo oimika magalimoto, ndipo ndinangoyang'ana kunja kwake kumene kunali kosalala bwino. Patapita masiku ndinaona kuti zithunzi zonse zojambulidwa moyang'ana kuwala zikutuluka zotuwa ngati pagwa nkhungu. Nditawalitsa tochi ya foni kumbuyo kwa lenziyo ndinaona timizere toyera ngati ukonde wa kangaude mkati mwa galasi. Chinali chuku, chimene chimamera m'lenzi yosungidwa pachinyezi, ndipo wogulitsayo sanayankhenso foni. Choncho kumanani ndi wogulitsa masana, walitsani tochi m'lenzi, kenaka ikani kamera pa f/16 kapena f/22 n'kujambula khoma loyera kapena thambo lopanda mitambo. Madontho akuda amene angaoneke ndi fumbi la pa sensa, limene limatsukika, koma mizere yosasuntha ndi chizindikiro choti musiye. Funsaninso kuti kamerayo yajambula kangati. Shutter (kachitseko kamene kamatseguka n'kutseka pojambula) ya Nikon D3200 inayesedwa kufika pa maulendo 100,000, ndipo makamera a Nikon amalemba chiwerengerochi mkati mwa fayilo ya chithunzi chilichonse, moti mungathe kuchiona pa intaneti musanapereke ndalama. Kamera imene yakhala ikugwira ntchito m'maukwati Loweruka lililonse kwa zaka zambiri ikhoza kukhala itatsala pang'ono kutopa ngakhale kunja ikuwala.

Pa nkhani ya batire, DSLR ili patsogolo, ndipo aliyense amene anakhala mu Lusaka m'chaka cha 2024, pamene madzi anachepa ku Kariba malaiti n'kumazima maola ambiri pa tsiku, akudziwa kulemera kwa mfundo imeneyi. Mu DSLR mumayang'ana kudzera pa kalilole, kotero kuti kuona kokha sikudya moto. Nikon D3500 ya mu 2018 inayesedwa kuti imafika pa zithunzi 1,550 pa kutchaja kumodzi, pamene Sony a6000, mirrorless yotchuka ya mu 2014, imafika pafupifupi 360.

Komabe ndisainamizire mirrorless. Sony a6000 yomweyo imatchajika ndi chingwe cha USB, choncho power bank imene mumatchajira foni ikhoza kuidzutsa pamene chaja ya DSLR ikudikira magetsi a pakhoma. Ndi yaing'ono, imalowa m'kachikwama wamba, zimene zimathandiza mukamakwera minibasi kapena kudutsa m'khamu la anthu m'tauni. Ubwino wake waukulu kwa wophunzira ndi wakuti zimene mukuona pa sikirini kapena m'kadiso kake ndi zimene zidzatuluke: mukasintha nambala za kuwala, chithunzi chimawala kapena kuda pomwepo musanadine. Zatsopano zake zimatsatira diso la munthu palokha ngakhale akuyenda. Vuto ndi mtengo, makamaka wa malenzi, ndiponso fumbi. Mukachotsa lenzi pa mirrorless zambiri, sensa imakhala pamtunda popanda chotchinga. Amene anapitako ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika, ku Katete, kumapeto kwa Ogasiti, pamene mafumu a Achewa ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakaonekera kwa Kalonga Gawa Undi, akudziwa fumbi limene limadzuka Gule Wamkulu akalowa m'bwalo. Pamalo otero musasinthe lenzi pa kamera ya mtundu uliwonse. Sankhani imodzi muli m'galimoto mazenera ali otseka, ndipo tsatirani zimene akuluakulu a mwambo anena za pamene mungaime ndi zimene mungajambule.

Ndikaika njira zitatuzi pamodzi, maganizo anga ndi awa. Amene amajambula masana, panja, zinthu za tsiku ndi tsiku, asunge ndalama zake ndipo aphunzire kuigwiritsa bwino foni imene ali nayo. Amene mtima wake uli pa anthu, m'maholo, m'matchalitchi, pa chilanga mulilo ndi pa matebeto (miyambo yopititsa zakudya kwa mkamwini) pamene mapoto akulowa m'nyumba ndi nyimbo, agule DSLR yakale ndi lenzi ya f/1.8, ndipo ngati ndalama sizikwanira zonse ziwiri, adikire mpaka zitakwanira m'malo mogula kamera yokha ndi lenzi yobwera nayo. Wokonda nyama ndi mbalame adzafunika kuwonjezera lenzi yaitali monga 55-250mm ya Canon kapena 70-300mm. Mirrorless ndi ya amene thumba lake likulola ndipo watsimikiza kuti adzapitiriza kwa zaka. Ndipo wogula DSLR lero sanatseke khomo limenelo, chifukwa malenzi a Canon EF ndi a Nikon AF-S amagwira ntchito pa makamera atsopano a makampani omwewo pogwiritsa ntchito kachipangizo kolumikizira.

Palibe mwa zitatuzi chimene chingakonze dzuwa la masana la mu Okutobala. Likakhala pamutu, maso a munthu amalowa mumthunzi, ndipo ngati wavala zoyera kapena waima kutsogolo kwa khoma loyera, kamera ndi foni zonse zimanyengedwa ndi kuyerako n'kuidetsa nkhope mpaka kusaoneka. Muimikeni munthuyo pansi pa mtengo wa mango kapena pakhonde, nkhope itayang'ana kumene kukuchokera kuwala. Pa foni, dinani pankhope n'kukweza pang'ono kachizindikiro ka dzuwa. Pa kamera, wonjezerani kuwala ndi batani lokhala ndi zizindikiro za + ndi -. Ngati mungathe kusankha nthawi, dikirani mpaka cha m'ma 17 koloko, pamene dzuwa lapendekera ndipo khungu lakuda limaoneka lofunda bwino. Pomaliza potumiza, kumbukirani kuti WhatsApp imachepetsa chithunzi chotumizidwa mwa masiku onse. Chimene chikupita kosindikiza chitumizeni ngati fayilo kuti chifike chathunthu.

Mwana wa mlongo wanga uja ndinamubwereka kamera yanga yakale ndi lenzi ya 35mm kwa milungu iwiri asanagule chilichonse, nditamuikira pa f/2, 1/250 ndi ISO (mphamvu ya sensa yomvera kuwala) yodzisankhira yokha. Masiku oyamba ankadandaula kuti lenziyo siyandikitsa, ndipo ndinamuuza kuti aziyandikira ndi miyendo. Loweruka lachiwiri anapita nayo ku matebeto ku Matero, ndipo madzulo ananditumizira chithunzi cha mayi wina wachikulire atagwada, akuvundukula poto ndi mano monga mwa mwambo, maso ake akuseka, nthunzi ya chakudya ikukwera pambali pa tsaya lake. Pansi pake analemba kuti, "Amalume, mundiperekeze pokagula, ndipo tikanyamule tochi."