Kuikitsa dzino la implanti: n'kwabwino, koma yang'anani izi musanalipire

Pa njira zonse zotsekera gweru, implanti ndiyo imafanana kwambiri ndi dzino lobadwa nalo. Dokotala amaboola fupa la nsagwada n'kulowetsamo sikuluwu ya chitsulo cha titanium, pamwamba pake amamangapo kachitsulo kolumikizira kotchedwa abutment, kenako n'kuvekapo dzino looneka lija. Mano oyandikana nalo sapalidwa ngati mmene zimakhalira poika bridge, dzino lochita kupanga logwirira pa mano a m'mbali. Ikagwira bwino, mumatafuna chimanga chokazinga mopanda mantha.

Chinsinsi chagona pafupa. Fupa liyenera kumera n'kuikumbatira sikuluwuyo, ndipo izi zimatenga miyezi 3 mpaka 6. Implanti zambiri zolephera msanga zimalephera m'nyengo imeneyi. Poboola, fupa likatentha kupitirira madigiri 47 kwa mphindi imodzi yokha limafa, n'chifukwa chake dokotala wodziwa ntchito amaboola pang'onopang'ono uku akuthirira madzi ozizira. Fupa likakhala lopyapyala, makamaka kumwamba chakumbuyo kufupi ndi mphako za mphuno, pamafunika kuwonjezerapo fupa kaye. Amene wangokuyang'anani m'kamwa n'kutchula mtengo osajambula nsagwada, makamaka ndi sikani ya CBCT yoonetsa fupa mbali zonse, musamupatse ndalama zanu.

Mbali ina ndi yanu. Fodya amachepetsa magazi ofika m'nkhama, bala limachedwa kupola. Musiyeni ntchito isanayambe. Shuga wokwera amachitanso chimodzimodzi, ayambe watsika kaye. Ngati mumamwa mankhwala olimbitsa mafupa a mtundu wa bisphosphonate, nenani poyambirira. Okukuta mano kutulo apangitse kapulasitiki kovala usiku, apo ayi sikuluwu imamasuka kapena dzino limasweka.

Chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri ndi vuto lobwera patapita zaka. Titanium saola, n'zoona, koma nkhama ndi fupa zomuzungulira zimadwala. Litsiro likamaunjikana m'mphepete, nkhama zimafiira, zimatuluka magazi potsuka, kenako mafinya ndi fungo, fupa n'kumadyeka mwakachetechete. Madokotala amati peri-implantitis. Nthawi zambiri sizipweteka, ndiye ambiri amadzidzimuka dzino litayamba kugwedera, madzi atafika kale m'khosi. Munthu amene mano ake anachoka chifukwa cha matenda a nkhama achiritse kaye matendawo. Tsukani kawiri patsiku, lowetsani kamswachi kakang'ono pakati pa mano, ndipo kaonetseni miyezi 6 iliyonse.

Kwa okaikitsa kunja, monga ku South Africa kapena ku India, musakwere ndege osatenga pepala lolembapo dzina la kampani, mtundu ndi saizi ya implantiyo. Zida za kampani ya Straumann sizilowa pa implanti ya kampani ya Nobel Biocare, ndipo sikuluwu ikadzamasuka muli ku Lilongwe, dokotala adzafuna kudziwa chomangira choyenera. Funsaninso kuti akadzakuonani ndani pa miyezi yopola ija, ndiponso ngati okuikaniwo adzaikanso ina mwaulere yoyambayo ikakana kugwira.