Ryzen 5 5600 ndi RX 6600 ku Johannesburg: mmene kompyuta yanga ya magemu ilili pano

Kompyuta yomwe ndinalumikiza ndekha ija yaona chisanu cha Johannesburg, yapuma fumbi la mu Ogasiti, yapulumukanso ziphaliwali za dzinja, ndiye pano ndingathe kukamba za zida zake mopanda kutengeka ndi kununkhira kwa katundu watsopano. Muli pulosesa ya Ryzen 5 5600, motherboard ya B550, graphics card ya Radeon RX 6600, RAM ya DDR4 yokwana 16GB, ndi SSD ya NVMe ya 1TB. Si zida za anthu olemera, ndi za munthu amene mwezi ukatha amatumizanso kangachepe kumudzi.

Pulosesayi ndilibe nayo mawu ambiri. Ili ndi ma core 6, imadya magetsi ochepa, ndipo fani yomwe imabwera nayo m'bokosi ikugwirabe ntchito, kungoti masana a Disembala imalira ndithu. Anzanga ankandikakamiza AM5, soketi yatsopano ya ma pulosesa a AMD, koma imeneyo imafuna DDR5 ndi motherboard yodulirapo, ndiye ndalamazo ndinaziika pa graphics card. Choti mudziwe n'chakuti AM4, soketi yomwe pulosesa yangayi imalowamo, ndi yakale, inayamba mu 2016, ndipo ukafika pa ma pulosesa ngati 5700X3D msewu wathera pomwepo.

RX 6600 pa sikirini ya 1080p ikuchita zomwe ndinaigulira. Dota 2, Counter-Strike 2 ndi magemu ampira zimayenda myaa. Pomwe imaonetsa malire ndi pa memory yake ya 8GB: magemu atsopano akuluakulu ukaika ma texture pa Ultra, chithunzi chimayamba kudodomadodoma. Ukatsitsa kufika pa High kapena Medium zimatheka, ndipo kunena zoona, mkati mwa gemu maso sasiyanitsa kwenikweni. RAM ya 16GB ikukwanira, bola Chrome isatsegulidwe masamba ambirimbiri kumbuyo. Gulani timitengo tiwiri ta 8GB, osati kamodzi ka 16GB, kuti ziziyenda pa dual channel, ndiye kuti tiwiri tonse tizigwira ntchito nthawi imodzi.

Nkhani yomwe timakangana kwambiri ndi mlamu wanga ndi ya Windows ndi Linux. Iwo amati Linux ndi ya anthu ofuna kudzivutitsa. Ine ndinaika zonse ziwiri, ndipo Linux inandidabwitsa. Chiyambire 2018 pamene Valve, kampani yomwe ili ndi sitolo ya magemu ya pa intaneti ya Steam, inatulutsa Proton, pulogalamu yoyendetsera magemu a Windows pa Linux, magemu ambiri a Windows a pa Steam amatseguka pa Linux ukangodina Play, ndipo ma driver a makadi a AMD amabwera ali kale mkati, palibe chofunafuna pa intaneti. Chimenechi n'chimodzi mwa zomwe zinandikokera ku Radeon, yomwe ndi ya AMD.

Koma mlamu akabwera Loweruka, safuna kumva za Proton, amafuna mpira. EA Sports FC, Valorant ndi Fortnite zili ndi mapulogalamu oletsa kubera omwe salola Linux, ndipo Apex Legends, yomwe kale inkayenda, inatsekedwa pa Linux mu 2024. Ndiye musanasankhe, lembani magemu omwe mumasewera ndi anzanu, mndandanda umenewo ndi womwe ukusankhireni. Ngati ndi Windows, ikhale 11, chifukwa Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, koma simufunika kugula kanthu: pa AMD imatchedwa fTPM, mumangoiyatsa mu BIOS, momwe mumakhala ma setting a motherboard. Valorant imafunanso Secure Boot, chitetezo china chomwe chimayatsidwanso mu BIOS.

Amene mukufuna zonse ziwiri, chilichonse chikhale pa SSD yakeyake. Ine ndinawonjezera ina yaing'ono ya Linux, ndipo mtendere ulipo. Kanthu kena koseketsa: ukachoka pa Linux kupita pa Windows, wotchi imasokonekera ndi maola awiri, chifukwa Linux imasunga nthawi ya padziko lonse ya UTC pomwe Windows imayembekezera nthawi ya kuno, yomwenso ndi ya ku Malawi. Lamulo limodzi la timedatectl, lomwe umalemba pa Linux, limakonza zimenezi.

Tsopano magetsi. Apa ndi pomwe ndimaona anthu akulira. Munthu amathira marandi onse pa graphics card, kenako n'kutola power supply yopanda dzina yomwe yabwera ndi kesi. Yanga ndi ya 650W ya 80 Plus Bronze, yoposa zomwe makinawa amafuna, popeza RX 6600 imakoka pafupifupi 132W ndipo pulosesa ndi ya 65W. Kuthima kwa magetsi pakokha sikuopsa kwambiri, choopsa ndi mphindi yomwe akubwerera, nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopitirira. Ngakhale load shedding itachepa, kudera kwathu magetsi amathimabe mawaya akabedwa kapena thiransifoma ikapsa. UPS yanga, batire yomwe imagwirizira kompyuta magetsi akathima, si yoti ndizipitiriza gemu mumdima, ndi yongondipatsa mpata wosunga zinthu n'kuzimitsa bwinobwino. Poigula onani ma watt, osati VA yokha, chifukwa ya 600VA nthawi zambiri imapereka ma watt 360 okha. Mitambo ikada chakumadzulo, monga imachitira kuyambira Okutobala mpaka Malichi, ndimazula pulagi kukhoma, ya rauta yomwe. Waya wa fibre ndi galasi, mphenzi siidutsamo, koma ikhoza kulowera ku magetsi a rauta n'kutsata waya wa Ethernet mpaka pa motherboard.

Pa intaneti tili ndi mwayi. Valve ili ndi ma server ku Johannesburg konkuno, ndiye Dota 2 ndi Counter-Strike 2 ping, nthawi yomwe uthenga umatenga kupita ku server ndi kubwerera, imakhala yotsika zedi. Gemu yomwe server yake ili ku Ulaya ping imapitirira 150ms, ndipo palibe chida chodula chomwe chingafupikitse mtunda umenewo.

Fumbi ndiye ntchito yosatha. Mzindawu uli pamwamba, mamita pafupifupi 1,750, mpweya ndi wopepuka ndipo suziziritsa ngati wa ku Durban, ndiye ma filter akatsekeka kutentha kumakwera msanga. Kesi ndinaichotsa pansi n'kuiika patebulo, ma filter ndimatsuka mwezi ndi mwezi m'nyengo youma, ndipo popemerera fumbi ndimagwira fani ndi chala kuti isazungulire. Chomwe ndikusungira ndalama pano ndi timitengo tina tiwiri ta RAM, malo ake alipo pa motherboard.