Mavidiyo ounika mafilimu pa YouTube: momwe ndawaonera patatha miyezi yambiri

Kumayambiriro kwa chaka ndinalemba moyamikira mavidiyo a pa YouTube amene amatenga filimu n'kuiunika chigawo ndi chigawo, ndipo ndinati ndapeza sukulu yaulere. Anzanga a ku Nchalo ndi ku Ngabu akhala akundifunsa ngati maganizo anga akadali omwewo. Akadali omwewo, koma pali vuto limodzi limene munthu sangalione sabata yoyamba: mavidiyo amenewa amasowa.

Ndiyambe ndi zabwino. Ambiri a ife kuno kuchigwa tinakulira m'vidiyo sho, pabenchi, thukuta lili kamukamu pansi pa malata, DJ akumasulira filimu m'Chichewa. Tonse tinkadziwa kuti ndewu ya Jackie Chan imakoma kuposa za anthu ena, koma chifukwa chake palibe ankatha kuchinena. Amene anandimasulira ndi Tony Zhou ndi Taylor Ramos a tchanelo cha Every Frame a Painting, m'vidiyo yawo ya 2014. Amaonetsa kuti m'mafilimu ake a ku Hong Kong kamera imaima patali ndipo siigwedezeka, choncho woponya chibakera ndi wochilandira amaoneka limodzi pachithunzi chimodzi. Mafilimu ambiri a ku America amadula chithunzi pomwe chibakera chikufika, ndiye woonera amangomva phokoso osaona kanthu. Amaonetsanso kuti a ku Hong Kong akadula, amabwerera m'mbuyo pang'ono kuti nkhonyayo ioneke kawiri, ndipo woonera amaimva ngati imodzi yamphamvu. Izi sungazimvetse pongouzidwa. Uyenera kuona zidutswa ziwirizo zitaikidwa motsatizana, ndipo apa ndi pamene pagona ubwino wonse wa mavidiyowa.

Phindu lake ndaliona ndi achinyamata a zisudzo kutchalitchi kwathu, amene amajambula masewero awo ndi foni. Mnyamata wojambula ankakonda kuthamangira pankhope ya aliyense amene akulankhula. Titaonera limodzi vidiyo ija, anabwerera yekha mpaka kukatsamira pamtengo wa nimu, n'kujambula mkangano wa mpongozi ndi mkamwini onse awiri akuoneka. Mayi akuloza chala, mkamwini akusuntha phazi kufuna kuthawa, zonse pachithunzi chimodzi. Anthu anaseka pamalo pamene kale sankaseka.

Za ndalama ndi foni sindichulukitsa. Ndimadikira bandulo ya usiku n'kutsitsa pa 360p (mlingo wotsika wa kaonekedwe ka chithunzi), ngakhale mavidiyo onena za kuwala ndi mitundu amafuna 480p kapena kuposa. Masana a mu Okutobala foni imatentha msanga, ndiye kuonera ndi kwa madzulo basi. Chingerezi cha ena n'chothamanga, koma mukachepetsa liwiro kufika pa 0.75 ndi kuyatsa mawu olembedwa m'munsi, chimamveka.

Tsono vuto lija. Pamndandanda wanga ndinasunga vidiyo ya tchanelo china chaching'ono yofotokoza momwe amaunikira khungu lakuda pojambula usiku, nkhani imene kwa ife ndi yofunika kwambiri. Tsiku limene ndinkafuna kuwaonetsa anyamata ndinapeza pamalo pake pali kabokosi kotuwa. Imene ndinatsitsira mu apu nayo inachoka foni italumikizana ndi intaneti, chifukwa zotsitsa za mu apu zimatsatira zimene zilipo pa tchanelo. Mwiniwake analemba kuti kampani ina ya mafilimu yadandaula za umwini. Pambuyo pake ena angapo pamndandanda womwewo anapita njira yomweyo.

Ndinafufuza kuti zimayenda bwanji. Kuyambira 2007 YouTube ili ndi makina otchedwa Content ID. Eni mafilimu ndi nyimbo amapereka makope a ntchito zawo, ndipo vidiyo iliyonse yatsopano imayerekezedwa ndi makopewo. Zikafanana, mwini ntchito amasankha kuitseka, kutenga ndalama za malonda ake, kapena kungoilondola. Woikayo akatsutsa, wodandaula amapatsidwa masiku 30 kuti ayankhe. Palinso njira ina yowawa kuposa iyi, pamene mwini ntchito apempha mwalamulo kuti vidiyo ichotsedwe, potsatira lamulo la ku America la DMCA la 1998. Pamenepo tchanelo chimapatsidwa chenjezo lotchedwa strike, ndipo ma strike atatu m'masiku 90 akhoza kutseketsa tchanelo chonse. Lamulo la ku America lili ndi chimene amati fair use, chololeza kugwiritsa ntchito zidutswa pounika kapena pophunzitsa, koma woweruza ngati zakwanira ndi khoti. Makina amangoona kuti chithunzi chafanana ndi cha m'filimu.

Ngakhale otchuka sapulumuka. Zhou ndi Ramos, amene anaima mu 2016 atatulutsa mavidiyo 28, analemba mu 2017 kuti kapangidwe ka mavidiyo awo, monga kutalika kwa zidutswa ndi kasakanizidwe ka mawu, anakakonza poganizira Content ID. Mu Disembala 2021 tchanelo cha Totally Not Mark chinatsekeredwa mavidiyo pafupifupi 150 kutsatira madandaulo a kampani ya Toei Animation ya ku Japan. Ngati zili choncho kwa iwo, nanga mwana wasukulu wopanda loya?

Musandimve molakwa, ine malamulo a umwini ndimawalemekeza. Oimba athu alira kwa zaka zambiri, ndipo COSOMA, yoteteza umwini wa ntchito za luso, imene inayamba mu 1992, komanso lamulo la 2016, zilipo pa chifukwa chomveka. Chimene chimandiwawa ndi kumene chikwapu chikugwera. Pamisika yathu munthu amapereka memori kadi n'kuikiridwa mafilimu athunthu pa ndalama yochepa, wopanga filimu osalandirapo tambala. Uko ndiye kumulanda munthu chakudya pakamwa. Koma amene watenga masekondi ochepa kuti andionetse luso la wojambula wandichititsa kufunafuna filimuyo ndi kudziwa dzina la amene anaipanga, zimene m'vidiyo sho sitinkafunsa n'komwe.

Ndimalakalaka wina atayamba kuunika mafilimu athu m'Chichewa kapena m'Chisena, mwachitsanzo a Shemu Joyah. Mwayi wake ndi wakuti eni ake ali konkuno ku Malawi, ndipo mukhoza kuwapempha chilolezo musanaike chilichonse pa intaneti.

Kwa amene mukufuna kuyamba, ndikulimbikitsabe ndi mtima wonse, koma musadalire kuti mndandanda wanu udzakhalapo mawa. Vidiyo yabwino ioneni sabata yomweyo. Ine tsopano ndili ndi kope momwe ndimalemba dzina la tchanelo, filimu imene ikuunikidwa ndi mfundo zake, ndi kujambulamo pamene kamera yaima. Opanga ena amaika makope pa Vimeo, tsamba lina la mavidiyo, ndipo ndi bwino kuyang'ana kumeneko vidiyo ikasowa. Ena amasamukira ku masamba olipira monga Nebula kapena Patreon, koma kumeneko kumafunika khadi ya ku banki yolipira m'madola, imene ambiri kuno tilibe.