Injini yozima pakona: kiti, kabuleta yatsopano kapena Weber?

Nissan 1400 yanga inayamba mwano nthawi yokolola mtedza. Pamsewu wowongoka inkayenda bwinobwino, koma ndikangoponda buleki mwamphamvu kuti ndikhote pa Kamwendo ku Mchinji, injini zii! Matumba ali phaa kumbuyo, akabaza akundiimbira mabelu. Choopsa n'chakuti injini ikazima, busta, chipangizo chofewetsa buleki, imangokuthandizani kuponda kamodzi kapena kawiri, kenako buleki imauma ngati mwala. Anzanga a ma Hilux akale a injini za 3Y ndi 4Y amadandaula zomwezi, ndipo aliyense ali ndi mankhwala ake.

Tiyambe ndi chimene chimachitika mkati mwa kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya. Kabuleta ili ndi kambale ka petulo, ndipo floti imayandama mmenemo n'kumakankha singano yotseka mafuta. Mukakhota kapena kuima mwadzidzidzi, petulo amakhamukira mbali imodzi ngati madzi a m'ndowa yomangidwa pa keliyala. Akakhala wambiri amasefukira kukhosi, injini n'kutsamwa: mumamva fungo la petulo, imavuta kulira, ndipo ikalira imalavula utsi wakuda. Akakhala wochepa jeti, kabowo kodutsa petulo, imatsala pouma, injini imazima, koma mukangopotokola kiyi imadzuka msanga. Makabuleta ambiri a Hitachi ndi Aisan ali ndi kagalasi m'mbali. Imikani galimoto pamalo osapendekeka, injini ikulira, muone ngati petulo ali pakadontho ka pakati.

Musanatulutse ndalama, yesaninso busta. Injini ili pa idling, ikungolira osaiponda faya, pondani buleki kangapo. Ikamanjenjemera kwambiri, kapena mukamva mpweya ukuti fwii pansi pa chiwongolero, ndiye kuti mphira wa busta kapena paipi yake yang'ambika, injini ikukoka mpweya wakuba. Pamenepo kabuleta ilibe mlandu, ngakhale mutagula zitatu.

Njira yotchipa ndi kiti yokonzera kabuleta. Mumapezamo singano ndi mpando wake, magasiketi ndi kapampu kothira petulo mukaponda faya. Ine ndi imene ndimaivomereza, bola makaniko akhale woleza mtima, woyeza floti ndi rula, osati wongopinda kachitsulo mwa m'maso. Kumbukirani kuti petulo wathu wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, ndipo mphira wakale sagwirizana naye. Onjezerani apo litsiro la mafuta a m'zigubu, amene tonse timathira mapampu akauma, ndiye singano singatseke bwino. Floti nthawi zambiri simukhala m'kiti. Ichotseni, muigwedeze pafupi ndi khutu. Mukamva kuti khutchukhutchu, yamwa petulo, ndipo floti yolemera siyandama. Pamene kiti imagonja ndi pa kabuleta yoti shafuti ya batafulayi, kachitseko kolowetsa mpweya ku injini, yadyeka mpaka kumagwedera. Imeneyo imalowetsa mpweya m'mbali, ndipo mungaichune mpaka dzuwa kulowa osakhazikika.

Apo m'pamene kabuleta yatsopano ya ku China imakhala ndi nzeru. Mumanga m'mawa, masana muli pamsewu. Koma musaikhulupirire pongoti yatuluka m'katoni: zina zimabwera floti isanayezedwe, zina jeti zake sizigwirizana ndi injini yanu, ndipo ziwiri zooneka zofanana zimatha kuyenda mosiyana. Itsegulitseni kaye isanamangidwe. Za ku sikirapu sinditayirapo nthawi, ndi kugula matenda a mwini wake wakale.

Kabuleta ya Weber 32/36 ndi imene anyamata amaitchula monyadira, ndipo ndi yabwinodi. Masipeyala ake amapezeka ku South Africa, ndipo kuichuna n'kosavuta. Vuto n'lakuti siibwera yokha. Ifuna adaputa yoimangira pa injini, chosefera mpweya chake, kusintha kebulo ya faya, ndipo imakonda mafuta obwera mofatsa, cha m'ma 3 psi. Pampu ikaposa apo imakankha singano n'kusefukira, ndiye mugulenso regulator yochepetsa mphamvu ya mafutawo. Komanso nayo ili ndi kambale ndi floti, kotero ikayezedwa molakwika izima pakona pomwe paja. Kwa munthu wonyamula soya ndi mtedza kuchoka ku Mkanda, ndalama imeneyo ndi matayala awiri.

Palinso ochenjera amene amangokweza idling. Injini imasiyadi kuzima, koma giya imayamba kukukuta ndipo petulo amatha ngati thanki yabooka.

Ine ndinatsala pang'ono kutuma munthu ku Chipata kuti akandigulire yatsopano. Makaniko wina wachikulire anangosuzumira pakagalasi n'kunena kuti, "Achimwene, mafuta adzaza mpaka pamwamba apa." Floti inali itamwa petulo. Tinasintha floti, kiti ndi fyuluta, ndipo pobwerera ndinadutsira dala pa Kamwendo, matumba khumi ali kumbuyo. Sinazime.