Moxa EDS-408A: yatilekanitsira makina ndi makamera pafakitale

Ndimayang'anira zamagetsi pa fakitale ina yopakira ufa ku Kanengo. Kale ma PLC (timakompyuta tolamulira makina), sikirini yoyendetsera makina, makamera a CCTV ndi makompyuta a muofesi zonse zinali pa netiweki imodzi. Anthu a muofesi akayamba kuonera makamera, sikirini ya pamakina inkachedwa kuyankha, ndipo woyendetsa makina ankadina batani kawirikawiri poganiza kuti lafa. N'chifukwa chake tinagula ma switch (zipangizo zolumikizira zinthu pa netiweki) awiri a Moxa EDS-408A, ndipo tawagwiritsa ntchito miyezi isanu ndi itatu.

Iliyonse ili ndi mapoti 8, chikhokho chake ndi chachitsulo, ilibe fani yokoka fumbi la ufa, ndipo imakolekedwa pa DIN rail (kachitsulo kokolekapo zipangizo zamagetsi) m'bokosi momwe muli PLC. Magetsi amalowa mbali ziwiri. Ife tinalumikiza mbali imodzi ku 24V ya m'bokosimo, inayo ku mabatire, moti magetsi akathima netiweki sigwa.

Chomwe ndinagulira kwenikweni ndi VLAN, njira yogawira netiweki imodzi m'magulu osafikirana. Mumalowa ndi browser pa adiresi yomwe imabwera nayo, 192.168.127.253, n'kusankha 802.1Q, mtundu wa VLAN womwe umaika tag (chizindikiro cha nambala ya VLAN) pa uthenga. Makina ndinawaika pa VLAN 10, makamera pa 20. Mapoti a zipangizo ndinawapanga Access (onyamula VLAN imodzi yokha), aliyense ndi PVID (nambala ya VLAN ya potiyo) yake, chifukwa PLC sidziwa za tag. Poti yolumikiza ma switch awiriwo ndiyo Trunk, yonyamula 10 ndi 20 pamodzi. Kuyambira tsiku limenelo sikirini ija sinachedwenso, ndipo kompyuta ya muofesi singafikenso pa PLC. Ichi chinandikhazika mtima pansi kwambiri, chifukwa Modbus TCP, njira yomwe ma PLC athu amalankhulira pa netiweki, ilibe mawu achinsinsi. Aliyense wofika pa PLC kudzera pa netiweki akhoza kulemba mu makina.

Anzanga, chenjerani ndi Management VLAN, yomwe mumalowera pokonza switch. Imabwera ili pa 1. Ine ndinaisinthira ku 99 ndisanaike poti ya laputopu yanga pa 99, ndipo nthawi yomweyo tsamba lokonzera switch linasowa. Kulakwa kunali kwanga. Chinandipulumutsa ndi chingwe cha console, cholumikiza laputopu ndi switch mosadzera pa netiweki: ndinalowera pa poti yake ya RS-232 n'kukonza PVID ija popanda kuimitsa makina. Chingwechi musachitaye ndi katoni, chimangirireni m'bokosi momwemo.

Musanalipire dziwaninso izi. Switch iyi ndi ya Layer 2, kutanthauza kuti imalekanitsa ma VLAN koma siyiwalankhulitsa. Abwana atafuna kuona manambala a makina ali muofesi, tinachita kuika router (yolankhulitsa ma VLAN) yokhala ndi firewall (yosefa zololedwa kudutsa) pakati. Komanso mapoti ake ndi a 100 Mbps. Kwa ma PLC ndi makamera athu anayi zikukwanira, koma ngati muli ndi makamera ambiri odutsa pa Trunk imodzi, funani ya gigabit (1000 Mbps). Chipinda chathu cha boiler chimatentha kwambiri, choncho yachitatu yomwe tikuitanitsa ndi ya mtundu wa -T, yopirira mpaka madigiri 75.