Miyezi 8 ndikuphunzitsa ndi maroboti a Arduino Uno

Mu Januwale ndinagula mabokosi 10 a zida zopangira maroboti. M'bokosi lililonse munali Arduino Uno (kakompyuta kakang'ono kolamulira loboti), L298N yoyendetsa timamota, HC-SR04 yoyeza mtunda, ndi kagalimoto ka matayala awiri. Ndimaphunzitsa za uinjiniya ku yunivesite, ndipo zinkandiwawa kuona ana akuloweza masamu a PID (njira imene makina amadziwongolera okha akayamba kuphonya), mayeso n'kukhoza bwinobwino, koma ukawapatsa mawaya manja n'kumanjenjemera.

Ma Uno apirira kwambiri. Wapsa ndi mmodzi yekha, wophunzira atasemphanitsa mawaya a batire. Athuwa ndi otsika mtengo aja okhala ndi chip ya CH340, ndiye pamafunika kuyamba mwaika driver (kapulogalamu kothandiza kuwazindikira) pa kompyuta, apo ayi siyiwaona n'komwe.

L298N ndiye sindidzagulanso. Imadya pafupifupi mavolti 2, moti mabatire awiri a 18650, amene amapereka 7.4V, ku mota kumafika mavolti osakwana 6, iyo ikutentha yosagwirika. TB6612FNG imagwira ntchito yomweyo osawononga moto chotere.

Kagalimoto kotsata mzere wakuda ndi kamene kanandibwezera ndalama zanga. Ka gulu lina kankangopepeluka uku ndi uko mpaka kuchoka pamzere. Mtsikana wina anagwada pansi ola lathunthu, akuchepetsa Kp (nambala ya P mu PID, ya mphamvu yokhotera) pang'onopang'ono n'kumawonjezera Kd (nambala ya D, yoletsa kupepeluka), mpaka kanayamba kuyenda mowongoka. Atadzuka, maondo ali mbuu, anafotokozera anzake ntchito ya D momveka kuposa mmene ine ndinachitira pabolodi masabata atatu.

Pa tchuthi cha Julaye ndinatenga ophunzira asanu kupita nawo kwathu ku Bembeke, kuti akapange chothirira chokha padimba la mbatatesi la amalume. Kumeneko ndiye zinthu zinaonekera poyera. Pampu ikangoyaka, Arduino inkazima n'kuyambiranso, chifukwa zonse zinkakoka moto pa batire imodzi. Sindinawauze msanga, ngakhale mtima unkafuna. Tsiku lachiwiri, m'mawa kukuzizira zala zosapindika, anazitulukira okha: pampu anayipatsa batire yake, n'kuika diode (kachida kolola moto kudutsa mbali imodzi yokha) pa mota wake. Amalume, amene poyamba ankangoonerera atatsamira khasu, ndi amene anawasonyeza kuti sensa yoyeza chinyezi anayizika kumunsi kwa mzere kumene madzi amadikha, n'chifukwa chake inkanena kuti dothi n'lonyowa pomwe mbewu za kumtunda zikufota.

Masensa a chinyezi a timano tiwiri aja musataye nawo ndalama. Athu anadyeka asanathe mwezi, chifukwa moto ukamadutsa m'dothi lonyowa chitsulo chimasungunuka pang'onopang'ono. Tinasintha n'kuika a capacitive, amene chitsulo chake sichikhudza dothi, ndipo awiri akadali m'dimba mpaka lero.

Semesita ikubwerayi ndiwonjezera mabokosi, koma ndalama zambiri zipita ku ma multimeter, zida zoyezera magetsi. Tinali ndi atatu okha, ndipo magulu ankachita kulimbirana.